Pa Naisi, m'njira yomwe aphunzitsi a mishoni ankadutsa wapansi

Minibasi ya ku Liwonde ikachoka m'tauni ya Zomba siyenda nthawi yaitali isanafike pa Naisi. Ndinatsikira pamenepo, phiri la Zomba lili kumanzere, kumanja dziko likutsetserekera ku nyanja ya Chilwa, ndi cholinga choti mtunda wotsala wopita ku Songani ndi ku Domasi ndiuone ndili pansi. M'mbali mwa msewu muli akabaza atatsamira njinga zawo, amayi ataunjika tomato ndi mbatata pamasaka, ndipo zikwangwani za mipingo zikupikisana kutalika. Posakhalitsa mzikiti umaonekanso, paja kuno ndi kwa Malemia, dziko la Ayawo. Chimene chinandibweretsa ndi funso lomwe masukulu ambiri a ubusa amalilambalala: kodi munthu wophunzira ntchito ya umishonale amakula liti mu uzimu? Ine ndikuti mbiri ya chigwa chino imayankha kuti amakula akatumidwa, akapatsidwa ntchito yoti ikalephereka mlandu ukhale wake. Kalasi imangomukonzekeretsa.

Mishoni ya Domasi inayamba mu 1884 ngati nthambi ya Blantyre Mission ya mpingo wa Church of Scotland, yomwe inakhazikitsidwa mu 1876. Amene anaiyambitsa, Alexander Hetherwick, anafika ali mnyamata wophunzira kwambiri, komabe kuno maphunziro akewo sakanamugulira ngakhale chipanda cha madzi. Anayenera kukhala pansi n'kuphunzira Chiyawo kwa anthu omwe iye anadzera kudzawaphunzitsa, mpaka anadzalemba buku la chinenerocho. Munthu amene wavomera kusekedwa ndi ana chifukwa chopotoza mawu, tsiku ndi tsiku, waphunzira kudzichepetsa kumene ulaliki wa kudzichepetsa sungamupatse. Mkulu wake ku Blantyre, David Clement Scott, anaitengera patali nzeru imeneyi. Anasankha anthu akuda asanu ndi awiri kuti akhale madikoni, ndipo sanawasunge pakhonde pake. Harry Kambwiri Matecheta anapita kukagwira ntchito pakati pa Angoni a ku Ntcheu, pomwe John Gray Kufa, amene ankadziwanso za chipatala, anatumidwa kwa Alomwe ku Mozambique. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo Scott anachita ngati mwambiwo anaumva kwa agogo ake.

Wina anganene kuti kutuma munthu wosakhwima n'kuika moyo wa anthu pachiswe, ndipo sakunama. Umboni wake uli m'mishoni yomweyi. Azungu oyamba a ku Blantyre anadzisandutsa oweruza milandu, nakwapula anthu mwankhanza mpaka imfa inachitika. Nkhani itamveka ku Scotland, mtsogoleri wawo Duff Macdonald anachotsedwa mu 1881. Koma tiyeni tione chimene chinalakwika. Anthu aja anali ndi mphamvu popanda wowayang'anira, ndipo ankadziona ngati eni dziko. Madikoni a Scott anayamba adutsa m'kalasi ya ubatizo, yomwe masiku amenewo inkatenga zaka, khalidwe la munthu likuonedwa ndi mudzi wonse. Atapatsidwa udindo, ankakumanabe ndi mphunzitsi wawo, kuwerenga naye Malemba ndi kukambirana milandu ya mumpingo. Kumene ankapita analibe mfuti kapena boma kumbuyo kwawo, moti chakudya ndi malo ogona zinkadalira mtima wa eni mudzi. Kutuma kotere n'kosiyana ndi kungomutaya munthu kuthengo.

Pali ena amene amati zonsezi zinali chida cha atsamunda basi, ndipo za uzimu n'zongokometsera. Mawuwa ali ndi mbali yake yoona. Scott atachoka mu 1898, amene anatsala anachita mphwayi kudalira anthu akuda, ndipo zinatenga mpaka 1911 kuti Matecheta ndi Stephen Kundecha adzozedwe kukhala abusa oyamba achikuda a mishoniyi. Komatu kuchedwa kumeneku kukuikira umboni mfundo yanga, chifukwa anthuwo anali atakhwima kale pantchito. Chimene chinachedwa ndi chilolezo cha azungu. Ndipo Kufa, amene boma la atsamunda linamupha mu 1915 pa nkhani ya kuukira kwa John Chilembwe, sangatchedwe chida cha boma lomwelo. Kaya munthu amaiona bwanji nkhondo ija, maphunziro amene anadutsamo sanamusandutse womvera chilichonse.

Lero chigwachi chikadali cha maphunziro. Ku Domasi kuli koleji ya aphunzitsi, m'dera lomwe boma linatsegula sukulu ya Jeanes kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Kutsogolo pang'ono, ku Malosa, kuli likulu la dayosizi ya Anglican ya Upper Shire ndi malo a maphunziro a Chilema. Kumbuyo komwe ndinachokera kuli sukulu ya ubusa yomwe inatsegulidwa mu 1977 ndi dzina loti Zomba Theological College. Sindikunyoza mabuku, ayi. Mlaliki wosawerenga ndi woopsa, ndipo tawamva ambiri pa wailesi akuopseza amayi amasiye ndi vesi limodzi lomwelomwelo. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi maphunziro a masabata ochepa amene afala masiku ano, omwe amayesa kukula kwa uzimu ndi kutalika kwa pemphero la usiku ndi setifiketi yopachika pakhoma. Wophunzira wotere amatuluka akudziwa kugwira maikolofoni, koma sanakhalepo pa maliro a mwana wa Msilamu woyandikana naye, pamene palibe womupempha kuti alalikire, ndipo ntchito yake n'kutunga madzi kapena kuthandiza adzukulu.

Nditafika pa Songani ndinakwera kabaza wopita ku mishoni ya Domasi, msewu ukukwera kulunjika kuphiri. M'njiramo ndinkaganiza kuti akuluakulu a sukulu za ubusa akanati azitumiza ophunzira awo m'midzi ya kwa Malemia kwa chaka chathunthu, aliyense ali ndi mbusa wamkulu womuyendera, malipoti a chaka chimenecho bwenzi akulembedwa ndi akulu a mpingo a m'mudzimo pamodzi ndi amayi a Mvano, osati aphunzitsi okha.