Pamene Sukulu Inalowa m'Lamya Yathu

M'nyumba mwathu munali lamya imodzi yokha yotha kulowa pa intaneti, ndipo nchito yake inali kulandirira ndalama za malonda a nshawa ndi kuonera zithunzi za abale a ku Lusaka. Koma cakudza siciimba ng'oma. Pa 20 Marichi 2020 Boma linatseka masukulu onse m'dziko muno kaamba ka mliri wa korona, ndipo mwana wathu wacisamba, amene anali mu Giredi 9, anabwera kunyumba ndi mabuku ake onse m'thumba. Patapita masabata ocepa, mphunzitsi wake wa masamu anaika nambala yathu m'gulu la WhatsApp la kalasi. Kucokera tsiku limenelo lamya ija inasanduka bolodi, ndipo ife eni ake tinayamba kucita kuibwereka kwa mwana.

Mphunzitsiyo anali kulemba masamu papepala, nalijambula, nalitumiza m'mamawa. Ana anali kujambula mayankho ao, iye nawaconga usiku. Tinadzamva pambuyo pake kuti bandulo ya intaneti anali kugula ndi ndalama za m'thumba mwake. Komabe m'kalasi la ana opitirira makumi asanu ndi limodzi, a m'gulumo sanafike ndi theka lomwe. Enawo makolo ao anali ndi timalamya ta mabatani, kapena analibiretu. Maphunziro amene anali kuulutsidwa pa wailesi yakanema ya ZNBC nawonso anafuna nyumba ya kanema ndi magetsi, pamene magetsiwo anali kuzimazima. Mtsikana wina wa nyumba yoyandikana nafe, mwana wa mai wamasiye, anali kubwera masana alionse ndi kabuku kake, nakhala pakhonde kukopera zonse za m'lamya ndi dzanja. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma tinadzifunsa kuti ena makumi atatu aja anali kukopera pakhonde la yani.

Sicinali cacilendo kwenikweni. Mu 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba kwa nthawi yoyamba mayeso ogwiritsa nchito kompyuta, m'masukulu ena anali kudikirana pa makompyuta owerengeka kufikira usiku. Cida catsopano cimayamba kufika kwa amene ali kale ndi zambiri.

Pa 1 Juni makalasi a mayeso anabwerera kusukulu, koma gulu la pa lamya silinathe. Linabala ana: magulu ena opanda mphunzitsi, odzaza ndi nthabwala, nyimbo ndi manambala a anthu osadziwika. Usiku wina, mayeso atayandikira, mwana ali m'tulo, lamya inalira. Popeza inali yathu, tinawerenga. Munthu wina anali kulonjeza mapepala a masamu ndi sayansi, aja ana amawacha kuti likeji, pa mtengo wa K50 pepala limodzi, ndalama zotumiza pa lamya pomwepo.

Apa tiyenera kunena zoona, ngakhale zikuticititsa manyazi. Sitinafafanize uthengawo msanga. Tinakhala cete nthawi yaitali, nyali ili pakati pathu. Mmodzi wa ife anati mwana wataya miyezi yambiri osaphunzira bwino, ndipo si mlandu wake. Winayo anati malo a Giredi 10 ndi ocepa, ndipo wotsalira amatsalira ndithu. K100 inalipo m'kacitini ka ndalama za nshawa. Ife amene timaphunzitsa ana kuti kuba n'kucimwa tinali kuwerengera mtengo wa kubako monga tiwerengera mtengo wa feteleza.

Cimene cinayamba kutibweza ndi cikumbukiro ca Okutobala 2018. Caka cimeneco pepala la masamu la Giredi 9 linafalikira pa malamya lisanalembedwe, ndipo Unduna wa Maphunziro unaimitsa mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12 m'dziko lonse. Mphwathu wina anali mu Giredi 12 pa sukulu yogonera komweko. Sanaone pepalalo ngakhale ndi diso limodzi, koma anadikira pamodzi ndi onse, mtima uli m'mwamba, makolo ake akufunafuna ndalama zina za sopo ndi zakudya. Kale wakuba pepala anali kulibisa m'thumba, naonetsa anzake awiri kapena atatu. Lamya ilibe thumba: cimene calowamo ku Chipata m'mawa cimafika ku Mongu dzuwa lisanakwere.

M'mawa mwake tinaitana mwana. Sanakane kuti anali kudziwa za gululo. Anayang'ana pansi nati, "Atate, Amama, anzanga ena alipira kale. Nanga iwo akapambana, ine n'kutsala, mudzati ciani?"

Tinalibe yankho lokoma. Tinangoti, "Ukatsala, udzabwereza, ndipo ife tidzagulitsa nshawa caka cinanso." Analira, ndipo tsiku lonse sanatilankhule.

Uthengawo tinakauonetsa kwa mphunzitsi wa masamu uja. Anapukusa mutu, natiuza kuti mapepala ambiri otere amakhala a zaka zakale ongosinthidwa caka pamwamba, ndi kuti ana ena amaloweza mayankho ake usiku wonse, nakalowa m'cipinda ca mayeso mutu uli wolemera ndi zinthu zosafunsidwa. Tikuvomera kuti mau amenewa anatipeputsa mtima koposa mmene anayenera kucitira; mwina pakati pa zifukwa zathu zokanira panalinso mantha a kubedwa K100. Tinaturutsa nambala yathu m'magulu onse, kusiyapo la mphunzitsi.

Wacisamba uja anapambana, ngakhale masamu anangodutsa pang'ono. Mtsikana wa pakhonde anamuposa.

Tsopano ndi mzime wathu amene ali kusekondale. Sukulu yake imaletsa ana kubwera ndi lamya, ndipo wopezeka nayo amalandidwa. Koma sukulu yomweyo imatumiza nchito ya kunyumba pa WhatsApp. Tinafunsa za ici pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, anthu naseka, ndipo wapampando anapita ku nkhani ya cimbudzi cogumuka. Kwathu lamya imagwiritsidwa nchito pa tebulo la pabalaza, pamene aliyense wodutsa atha kusuzumira, ndipo ikakwana 20 koloko imakagona kucipinda kwathu. Mzimeyo amadandaula kuti anzake amakambirana masamu kufikira pakati pa usiku. Pakhonde pamakhalanso ana awiri a mu mzere wathu, ali ndi mabuku ao, kudikira kuti iye atsirize.