Yambani mwatembenuza tsamba

Masiku ano aliyense wogula sipuleya yobereka kumsana akudzitcha katswiri wa maluwa. Anyamatawa amazungulira m'makomo kuyambira kuno ku Mikolongwe mpaka ku Limbe ndi kabotolo ka Cypermethrin kogula pamsika, kopanda ndi chizindikiro chomwe, n'kumapopera chilichonse chobiriwira pa mtengo wozizira. A Pesticides Control Board ali pa Bvumbwe pompa, koma anyamatawo alibe nazo ntchito. Mwini nyumba akangomva fungo, mtima pansi. Ine amandifuna masamba a rozi atayamba kuchita timadontho tachikasu, kunsi kwake kuli ulusi wopyapyala. Amenewo ndi akangaude ofiira. Mankhwala aja sawagwira kwenikweni, amangopha tizilombo tomwe timawadya, ndiye m'kutentha kwa Okutobala amaswana mopanda wowaletsa.

Kudulira ndi kuthirira sindinenapo, ndi mwana yemwe amadziwa. Ntchito yagona pozindikira chimene chikudya mtengo.

Anandiphunzitsa ndi mdala wina wachilomwe amene anakalambira m'minda ya maluwa ya mabwana a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo. Sipuleya ankaikiyira m'nyumba, ine n'kundipatsa pepala loyera. Mamawa dzuwa lisanakwere tinkagwada pansi pa hibiscus, iwo ndodo pambali, n'kumati, "Mphwanga, tembenuza tsamba. Mbala sikhala pabwalo." Ndinkagwedezera nthambi papepala lija, timadontho tikayamba kuyenda, ndiye kuti akangaude alipo. Tsamba lodyeka m'mbali ndi mbozi kapena ziwala, ndipo mbozi imasiya ndowe. Nsonga zopotana, zomata m'zala, ndi nsabwe. Toyera ngati thonje m'mphanda za nthambi ndi kodikodi, abale ake a uja anasakaza chinangwa ku Nkhata Bay m'ma 1980. Mdalayo sankayamika munthu. Ukalasa ankangokoka fodya wamphuno n'kupita pa mtengo wina.

Chachikulu chimene anandisiyira ndi nyerere. Mukaona mzere wake ukukwera tsinde, utsateni, ukufikitsani pamene pali matenda. Nsabwe ndi kodikodi zimayamwa madzi a mtengo n'kutulutsa timadzi totsekemera. Nyerere zimadzera timeneto, ndipo zimathamangitsa tizilombo todya nsabwe. Timadzi tomweto tikagwera pamasamba pamamera nkhungu yakuda bii, imene makasitomala amati ndi utsi wa magalimoto a mumsewu wa Midima. Mukaipukuta ndi chala imachoka, tsamba lili lamoyo. Kupopera nsabwe n'kusiya nyerere n'kutaya ndalama, choncho ndimayamba ndadula nthambi zokhudza pansi ndi pakhoma, n'kufukula chisa cha nyerere patsinde.

Mankhwala anga ndi masamba a nimu kapena ombwe. Ndimasinja, kuviika usiku wonse, kusefa pansalu, n'kusungunuliramo kachidutswa ka sopo kuti agwire patsamba. Ndimapopera madzulo, kuchokera kunsi, n'kubwereza pakatha sabata poti mazira amakhala ataswa. Ombwe musatsukire kumtsinje, amapha nsomba.

Apa m'pamene timakanganirana ndi makasitomala. Mayi wina anayang'ana m'ndowa n'kuti, "Bambo, ndikulipireni chifukwa cha madzi a masamba?" Ulendo wachiwiri safuna kulipira, thiransipoti ya minibasi ati ndi yanga, chonsecho mafuta akwera. Mayi aja ndinawauza kuti ndalamayo ndi ya maso anga, masambawo akathyole okha kuseri kwa khola lawo.