Usiku Wotsiriza wa Folomu 4

Malamulo a sukulu yogonera konko amakhala ndi mano chaka chonse, koma manowo amaguluka tsiku limene ophunzira a Folomu 4 alemba pepala lotsiriza la mayeso a MSCE. Mayankho akamatidwa kuti apite m'manja mwa bungwe la MANEB, mantha nawo amatha. Kodi mungamuopseze bwanji ndi kumchotsa sukulu munthu amene wamanga kale katundu wake?

Pa sukulu imene ndinaphunzira, zilango zinali zodziwika: kutchetcha udzu, kukumba dzenje la zinyalala, kapena kuzula chitsa anzako ali m'kalasi. Wolakwa kwambiri ankauzidwa kuti akatenge makolo. Zonsezi zinkatigwira chifukwa mawa linalipo. Usiku wotsiriza ulibe mawa.

Belo lathu linali chitsulo cha gudumu la lole, chopachikidwa pa mtengo wa mango. Usiku umenewo anyamata anachimasula nakachikoleka pamwamba pa thanki ya madzi. Kutacha, woliza belo anafika ndi chomenyera chake napeza chingwe chokha chikulendewera. Mbuzi ya aphunzitsi a Masamu nayo inagona m'chipinda cha aphunzitsi itavekedwa tayi, ndipo inali itatafunako kaundula wa Folomu 2. Izi zimandiseketsabe mpaka lero, ndipo ndinaona ndi maso anga aphunzitsi awiri akuseka chobisa kuseri kwa laibulale.

Koma usiku womwewo kunachitikanso zina zimene sitizitchula tikakumana. Gulu lina linalowa m'nyumba yogona ana a Folomu 1 n'kuthira madzi pa matiresi awo, chonsecho inali nyengo yozizira. Linaphwanya magalasi a holo yodyera, kenaka linaima pakhomo la khitchini n'kumatukwana ophika, anthu a msinkhu wa atate athu, ati chifukwa cha nyemba zofumbwa zimene tinadya zaka zinayi. Ophikawo sindiwo ankagula nyembazo. Iwo ankangodzuka mbandakucha kusonkha moto ndi nkhuni zaziwisi, maso ali psuu ndi utsi, kuti ife timwe phala.

Mlandu utafika kwa aphunzitsi aakulu, mafunso onse anali pa mbuzi. Anaimasula ndani? Tayi inali ya yani? Anyamata atatu anamanidwa kalata yochitira umboni khalidwe lawo, kalata imene wosaka ntchito aliyense ankayenda nayo. Mtengo wa magalasi unagawidwa kwa makolo a kalasi yonse, olakwa ndi osalakwa omwe. Paja nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Za matiresi ndi za ophika sizinamveke n'komwe. Mlonda yekha ndiye anadzudzulidwa kuti ankagona, ngati kuti nkhalamba imodzi ya chibonga ikanaletsa anyamata makumi asanu ndi atatu.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi oweruza aja. Chimene chinawapweteka ndi ulemu wawo umene unasekedwa. Kuzunzika kwa anthu opanda mawu sikunawerengedwe ngati kuphwanya mwambo, pamene ndiko kunali kuphwanya mwambo kwenikweni.

Akuluakulu ena amati zoterezi zinabwera ndi ndale za zipani zambiri mu 1994, pamene mawu akuti ufulu analowa m'kamwa mwa mwana aliyense. Mwina magalasi anayamba kusweka mowirikiza, koma kuzunza ana a Folomu 1 kunalipo kale m'nthawi ya chipani chimodzi. Kunkangochitika mwakachetechete, nyali zitazimitsidwa, ndipo wozunzidwa ankadziwa kuti kukanena n'kudziwonjezera mavuto.

Mmodzi mwa ana amene anagona pa simenti masiku atatu, podikira kuti matiresi aume, anali mwana wa mlongo wa bambo anga. Zitapita zaka zitatu, iye atamaliza mayeso ake, anandilembera kalata yosimba za usiku wawo wotsiriza. Anathira madzi pa matiresi onse a Folomu 1. Mbuzi za aphunzitsi palibe anazikhudza.