Nkhuti ya Kandolo

M'midzi ya ku Chipata ndi Katete, miyezi ya May ndi June ndiyo nyengo yokumba kandolo, amene ena amacha mbatata. Kulima kandolo sikubvuta. Cobvuta ndico kumsunga, pakuti sali ngati cimanga couma cimene cigona m'nkhokwe caka cathunthu. Iye ngwamadzi: akakhala padzuwa afota, akanyowa aola.

Kufupi ndi Katete kuli mai wina wamasiye wolera adzukulu anai, amene nkhuti yace siimgwiritsa mwala. Iye akumba dzenje lofika m'cuuno pamalo okwera ndi a mthunzi, nayala udzu wouma pansi ndi m'mbali. Aikamo kandolo mzere umodzi, nawaza phulusa loletsa tizirombo, naikanso wina, kufikira dzenje litadzala. Pamwamba afunda mitengo, udzu ndi dothi, koma asiya kabowo kopitira mpweya.

Zonsezi anansi ace acitanso, koma nkhuti zao zambiri zinunkha mwezi wa July usanathe. Kusiyana kuli pa kusankha. Maiyo akhala pansi tsiku lonse nayang'ana kandolo mmodzi mmodzi. Wotemedwa ndi khasu, wosupuka khungu ndi wobooledwa ndi anankafumbwe saloledwa kulowa. Ameneyo aphikidwa msanga, kapena asendedwa, nadulidwa, nayanikidwa kuti aume. Wabwino yekha agonekedwa pamthunzi masiku owerengeka kuti khungu likhwime. Adzukulu akadandaula kuti nchito icedwa, agogo ao angoti, "Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola."

Cisanu cithandiza, cifukwa nthaka njozizira ndipo mvula kulibe. Kandolonso anka natsekemera pokhalitsa. Koma kutentha kwa October kumphukitsa, motero ayenera kutha dzinja lisanafike.

Phindu lace nlalikuru. Ana akadya kandolo wootcha m'mawa wa cisanu asanapite kusukulu, mtondo upuma tsiku limenelo. Cimanga cimene cipulumuka m'July ndico cidzaphikidwa nsima m'February, pamene mabanja ena alikusuma ndi kugwira ganyu m'minda ya eni, minda yao iri kumera thengo.

Anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu kawirikawiri apeputsa nzeru zotere poti sizinalembedwe m'buku. Koma maiyo, wosadziwa ngakhale kulemba dzina lace, awerengera cakudya ca miyezi isanu ndi itatu yam'tsogolo osaphonya. Wophunzira wofuna kudzasunga banja acita bwino kukhala pambali pace tsiku losankha kandolo.