Tsiku Limodzi pa Sukulu ya Magule ku Durham

M'mwezi wa Julayi kumacha msanga mu mzinda wa Durham, m'chigawo cha North Carolina ku America, ndipo pofika 8 koloko mpweya umakhala utalemera kale ndi chinyezi. Ophunzira ambiri a pa yunivesite ya Duke amakhala ali ku tchuthi, koma mbali ya sukuluyi yotchedwa East Campus sikhala zii. M'tinjira todutsa pakati pa mitengo ikuluikulu ndi nyumba za njerwa zofiira mumayenda anyamata ndi atsikana ovala zopepuka, botolo la madzi lili m'manja, ena akutsimphina pang'ono chifukwa cha ntchito ya dzulo. Amenewa ndi ophunzira a American Dance Festival, chikondwerero cha magule chokhala ndi sukulu yake, chimene chakhala chikuchitikira pamalowa m'miyezi ya Juni ndi Julayi kuyambira 1978. Dzuwa lisanalowe, aliyense mwa iwo amakhala atalowa makalasi angapo a mavinidwe osiyana, ena otsutsana kumene. Woonera patali angati uku n'kumwaza mphamvu. Koma tikalitsata tsikuli kuyambira m'mawa mpaka usiku, tipeza kuti kusakanizaku ndiko phindu la malowa. Gule alibe kwina kosungidwa koma m'thupi la munthu wamoyo, ndipo thupi lodziwa njira imodzi yokha limayesa kuti njirayo ndiye chilengedwe chake, mpaka litakumana ndi ina.

Kalasi yoyamba siyamba ndi phokoso. M'nyumba yoyera yamatabwa yotchedwa The Ark, imene inamangidwa mu 1898 kuti ikhale yochitiramo masewera olimbitsa thupi, anthu amagona pansi opanda nsapato, akumvetsera kupuma kwawo. Pakona pamakhala woimba piyano kapena ng'oma, poti makalasi ambiri kuno amayendera nyimbo yoimbidwa pompo, ndipo woimbayo maso ake amakhala pa mapazi a ophunzira kuti adziwe pofulumira ndi podekha. M'chipinda china muli ballet: onse aima njo, dzanja limodzi lagwira mtengo wopingasa, miyendo yatembenukira kunja kuchokera m'chiuno, thupi lonse likukokedwera m'mwamba. Ngakhale mkati mwa gule wotchedwa modern dance mulibe mgwirizano. Njira ya Martha Graham imayambira chokhala pansi, mimba ikulowa mkati potulutsa mpweya ndi kumasuka poukoka. Ya Doris Humphrey ndi wophunzira wake José Limón imalola thupi kugwa ndi kulemera kwake kenako n'kudzukanso. Ya Merce Cunningham imayambira choimirira, msana ukupindika ndi kupotoka pamene miyendo ikuchita zake payokha. Aphunzitsi amasintha chaka ndi chaka, koma ambiri amakhala atamwa pa imodzi mwa njira zimenezi, ndipo chimene wa m'mawa waletsa, wa masana akhoza kuchilamula.

Sukuluyi inabadwa ndi kusagwirizana komweku. Mu 1934, pa koleji ya Bennington ku Vermont, Martha Hill anatsogolera sukulu ya magule ya m'nyengo yotentha imene inasonkhanitsa Graham, Humphrey, Charles Weidman ndi Hanya Holm, anthu amene ku New York ankapikisana, njira iliyonse ili ndi oitsatira ake okhulupirika. Wophunzira amene kumzindako akanakhala wa mphunzitsi mmodzi anapeza mwayi wophunzira kwa onse. Ntchitoyi inasamukira ku Connecticut College mu 1948, kenako ku Duke zaka 30 pambuyo pake, motsogoleredwa ndi Charles Reinhart. Zotuluka m'dongosololi zili ndi mayina. Mu 1939, sukulu ya Bennington itakachitikira ku Mills College ku California, Graham anaona Cunningham akadali mnyamata namuitanira m'gulu lake. Iye anavinamo zaka zingapo, kenako anapanga njira yake yotsutsana ndi ya Graham. Paul Taylor anali wophunzira ku Connecticut College mu 1952, anadzavina m'gulu la Cunningham ndi la Graham, ndipo mu 1962 anabwerera komweko ndi gule wake wotchedwa Aureole, amene safanana ndi wa aliyense mwa awiriwo. Anthu amenewa anafika pa njira zawozawo chifukwa matupi awo anali atadziwa njira zingapo, motero anali ndi posankha komanso ndi chokana.

Dzuwa likakwera, ng'oma zimamveka mpaka panja. M'kalasi ya magule a kumadzulo kwa Africa, oimba djembe ndi dundun amakhala kumapeto kwa chipinda, ndipo ophunzira amavina m'mizere molunjika kwa iwo. Mtsikana amene m'mawa uja amauzidwa kuti adzitukule tsopano akuuzidwa kuti apinde mawondo, aponde ndi phazi lonse, amasule chifuwa ndi chiuno, asiye kuwerenga manambala n'kumvera chizindikiro cha ng'oma chonena kuti asinthe. Masiku oyamba amaoneka wouma, ndipo kuuma kumeneko ndiko phunziro, chifukwa apa m'pamene amazindikira kuti msana wowongoka umene ankauyesa kaimidwe koyenera ka wovina aliyense ndi mwambo wa anthu ena, wa nthawi ina. Kalasi imeneyi ili ndi mizu yake mu Durham. Chuck Davis, wobadwira ku Raleigh mu 1937, amene anayambitsa chikondwerero cha DanceAfrica ku Brooklyn mu 1977, anaitanidwa ndi American Dance Festival mu 1980, ndipo kuphunzitsa kwake m'madera a anthu wamba kunabala gulu la African American Dance Ensemble. Iye anamwalira mu 2017, koma amene anawaphunzitsa akupitiriza kuphunzitsa ena. Kalasi ikatha, ophunzira amapita kukathokoza oimba ng'oma, ambiri mogwira pansi patsogolo pa ng'omazo, ndipo ulemu umenewu ndi mbali ya zimene abwera kudzaphunzira.

Masana kumatentha moti anthu amathawira pamthunzi ndi m'nyumba yodyera, ena atamangirira madzi oundana pabondo. Apa m'pamene wotsutsa woyamba ayenera kumvedwa, ndipo akulu anamupatsa kale mawu: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Graham mwiniwake ankanena kuti pamatenga zaka pafupifupi 10 kuti munthu akhale wovina wokhwima. Nanga masabata owerengeka, ogawidwa pakati pa ballet, hip-hop, magule a ku Africa ndi kuvina kongopeka pompo, angapange chiyani koposa munthu wodziwa pang'ono paliponse? Wotsutsayu akunena zoona pa chinthu chimodzi: palibe amene angachoke kuno ali katswiri wa gule amene wamuona koyamba mu Juni. Koma akulakwa poyesa kuti sukuluyi ndi poyambira. Ambiri obwera kuno amakhala atatha kale zaka m'njira imodzi, ndipo vuto lawo ndi kuzolowera, osati umbuli. Shen Wei, wobadwira ku Hunan ku China mu 1968, anaphunzira zisudzo zachikale za kwawo kuyambira ali mwana. Anakumana ndi modern dance ku Guangdong, pa maphunziro amene anayamba mu 1987 mothandizidwa ndi American Dance Festival. Gulu lake linabadwira ku Durham mu 2000, ndipo mu 2008 anali mmodzi mwa okonza magule a mwambo wotsegulira masewera a Olympics ku Beijing. Mizu yake yachitchaina sinazuke pokumana ndi zachilendo. Kukumanako kunamuonetsa chimene anali nacho kale.

Chakumasana kumabwera makalasi ophunzira magule amene anapekedwa kale ndi akatswiri. Mphunzitsi nthawi zambiri amakhala munthu amene anavinapo gule yemweyo m'gulu la mwini wake, ndipo akhoza kutha ola lathunthu pa kachigawo ka masekondi ochepa. Wina angafunse kuti m'nthawi ino ya makanema ndi intaneti zonsezi n'zachiyani. Kanema amaonetsa pamene dzanja linafika, koma sanena chimene chinalikankha, kaya ndi phewa, mpweya kapena kulemera kwa mnzako amene wakutsamira. Njira yolembera mavinidwe papepala ilipo kuyambira 1928, pamene Rudolf Laban anasindikiza yake, koma oiwerenga ndi ochepa, ndipo ngakhale iwo amafuna wovina woti awatsimikizire. Cunningham anamwalira mu 2009 ndipo gulu lake linatsekedwa kumapeto kwa 2011. Magule ake akuvinidwabe chifukwa amene anavina naye amayendayenda kukawaika m'matupi a ena. Chikondwererochi chinaona msanga kuopsa kwa kuiwala. Mu 1987 chinayamba ntchito yodzutsa magule a opeka achikuda a ku America monga Pearl Primus, Talley Beatty, Donald McKayle ndi Eleo Pomare, amene ntchito zawo zinali pafupi kutayika chifukwa zinkaonetsedwa mwa apo ndi apo. Kanema wa Free to Dance wa mu 2001 anatuluka m'ntchito imeneyo, ndipo ena mwa magulewo anatheka kujambulidwa chifukwa anthu anali atayamba awaphunziranso.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi china, ndipo Mchewa kapena Mtumbuka sangachipeputse. Gule Wamkulu ndi Vimbuza, amene bungwe la UNESCO linawazindikira mu 2005, sali mayendedwe a thupi chabe. Woyambayo ali ndi dambwe ndi maliro ake, winayo ndi wochiza odwala. Kodi gule wochotsedwa pabwalo la kwawo n'kuikidwa pa ndandanda ya makalasi, pakati pa nkhomaliro ndi ballet, akadali gule yemweyo? Yankho loona ndi lakuti ayi, sali yemweyo. Pali magule amene sayenera kuphunzitsidwa kwa aliyense amene walipira, ndipo sukulu yanzeru imawasiya kwa eni ake. Koma tisaiwale kuti pafupifupi zonse zovinidwa m'zipinda zimenezi zinasamutsidwa. Ballet anakulira m'nyumba za mafumu a ku Italy ndi France, ndipo mfumu Louis XIV ya ku France inam'khazikitsira bungwe mu 1661. Hip-hop inabadwira m'maphwando ndi m'misewu ya ku Bronx m'zaka za m'ma 1970. Choncho funso loyenera ndi lakuti gule akamasamuka wanyamulidwa ndi yani, ndipo wanyamulidwa ndi chiyani. Mphunzitsi amene amatchula mtundu wa anthu eni gule, mwambo umene amavinira ndi dzina la amene anam'phunzitsa, amenenso amabwera ndi oimba ng'oma odziwa, akupereka chinthu chosiyana kotheratu ndi munthu wotola masitepe pa foni. Kalasi ya maso ndi maso ndiyo imatheketsa kuti wobera afunsidwe kumene wazitenga.

Dzuwa likapendeka, mu msewu wa Broad Street, pafupi ndi East Campus, mumayamba kufika anthu a mtundu wina. Kumeneko kuli zipinda zovinira za Samuel H. Scripps zimene chikondwererochi chinatsegula mu 2012, ndipo mumachitika makalasi chaka chonse, a ana, a ogwira ntchito oweruka madzulo ndi a okalamba. Zipindazi zimayankha mbali ina ya dandaulo lachilungamo lakuti zonsezi n'za anthu a ndalama. Duke inamangidwa ndi chuma cha fodya cha banja la James B. Duke, ndipo mpaka lero ndi sukulu yodula. Kulipira maphunziro, pogona ndi ulendo wobwera ku Durham si chinthu chimene wachinyamata aliyense waluso angakwanitse, ndipo thandizo la ndalama limene limaperekedwa silingafikire onse. Dandaulo limeneli silinathe, koma likunena za khomo lolowera, ndipo mankhwala ake ndi kulikulitsa khomolo. Palinso onena kuti ambiri mwa ophunzirawa sadzapeza ntchito m'magulu a magule, ndipo n'zoona. Ena amadzakhala aphunzitsi, ena othandiza anthu ovulala kuyendanso, ena amalowera kwina kumene palibe akanalosera: woimba Madonna, amene Amalawi akumudziwa bwino, anali wophunzira pa sukuluyi mu 1978. Maphunziro a mbiri yakale sayesedwa ndi chiwerengero cha amene adzalembe mabuku a mbiri, ndipo a magule sayenera kuyesedwa ndi muyeso wina.

Usiku onse amakumana m'holo, kaya ku Reynolds Industries Theater kapena ku Page Auditorium, ku mbali ina ya yunivesite yotchedwa West Campus. Anthu a m'tauni amakhala pamodzi ndi ophunzira amene miyendo ikuwawabe. Ophunzirawo amaonera mosiyana ndi wina aliyense, chifukwa chimene chikuchitika pa siteji anachiyesa okha masana n'kulephera, ndipo akudziwa mtengo wake. Masiku ena ovinawo akatha amabwerera kudzayankha mafunso, ndipo ena mwa iwo amadzaphunzitsa kalasi asanachoke mu mzindawu. Chakumapeto kwa nyengoyi ophunzira osankhidwa amakwera okha pa siteji kuvina magule amene opeka oitanidwa awapangira. Mu 1949, ku Connecticut College, anthu anaona koyamba gule wa Limón wotchedwa The Moor's Pavane, ndipo akuvinidwabe lero, zaka zoposa 50 mwini wake atamwalira mu 1972, chifukwa m'badwo uliwonse wakhala ndi wina woupatsira. Yunivesite imene imabwereketsa zipinda ndi mabedi ake ku ntchito imeneyi ikuchita zomwe imachita posamala laibulale, kungoti buku likhoza kudikira owerenga zaka 100 pa shelefu, pamene gule akadumpha m'badwo umodzi watha. N'chifukwa chake sukulu yotere iyenera kuchitika chaka chilichonse, ndipo iyenera kuika njira zosiyana pafupi, kuti amene alandira zakale akhalenso ndi zipangizo zopangira zatsopano.