Mtunda wa m'Meyi Umakweredwa m'Januwale



Lero ndifuna tikambirane za njinga yakapalasa. Kwa ife njinga ndi chida cha ntchito, mofanana ndi khasu kapena nkhwangwa. Imasenza matumba a makala, imapititsa wodwala kuchipatala, imadyetsa banja la mnyamata wa kabaza. N'chifukwa chake munthu akagula galimoto timati wapuma, ndipo tikamuonanso pa njinga timanong'onezana kuti zinthu zamuvuta. Komatu kuli anthu ena, a ntchito zawo ndi magalimoto awo, amene amalawirira m'nyengo ya chisanu choopsa n'kupalasa makilomita 80, opanda katundu, opanda wowalipira, n'kubwerera pakhomo pomwe adachokera. Mwana wanga wachiwiri, amene amakhala ku Leeds m'dziko la England, ndi mmodzi wa iwo, ndipo angapo mwa inu mwandifunsapo ngati mutu ukumuyenda bwino. Ine ndi mayi ake tidakhala kumeneko kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, choncho ndikufotokozerani zimene ndidaona.

Choyamba mudziwe kuti chisanu cha kumeneko si cha ku Dedza cha mwezi wa Juni, chimene chimathawa dzuwa likakwera. Chopweteka kwambiri ndi mdima. Lamlungu lomaliza la Okutobala amabweza mawotchi ndi ola limodzi, ndipo madzulo amanka nafupika. Pofika pa 21 Disembala, ku Leeds dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa kale n'kulowa 4 koloko isanakwane. Munthu amapita kuntchito kuli mdima, amawerukanso kuli mdima. Mvula yake ndi yowaza ngati chiperoni, koma ya masiku ambiri, ndipo usiku madzi a pamsewu amatha kuundana n'kusanduka galasi loterera losaoneka ndi maso. Akhonsolo amawaza mchere m'misewu kuti madziwo asaundane, ndipo mcherewo umachititsa dzimbiri tcheni ndi zitsulo za njinga. Nyengo yotereyi imakankhira munthu pampando, pafupi ndi chotenthetsera nyumba, mbale ili pamwendo.

Mwana wangayo adayamba kupalasa ali ndi zaka 41, dokotala atamuuza kuti magazi akuthamanga kwambiri ndiponso shuga wafika pamalire. Ife amene tidakalambira pa mipando ya m'maofesi a boma timawadziwa mawu amenewa, ndipo tidaperekeza kumanda anzathu ambiri amene adawamva mochedwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Iye adasankha njinga, ndipo kuti asafooke adadziikira cholinga: ulendo wotchedwa Fred Whitton Challenge, umene umachitika m'mwezi wa Meyi ku mapiri a Lake District. Udayamba mu 1999 pokumbukira wopalasa njinga wa kumeneko amene adamwalira ndi khansa, ndipo ndalama zake zimapita ku mabungwe othandiza anthu. Ndi mailosi 112, kapena kuti makilomita pafupifupi 180, tsiku limodzi. Chakumapeto kwake, miyendo itatha kale, kuli chikweza cha Hardknott Pass, kumene malo ena msewu umakwera pafupifupi mita imodzi pa mamita atatu aliwonse.

Wina angaganize kuti wokonzekera mtunda wotere amapalasa mwaliwiro tsiku lililonse mpaka kukomoka. Ayi ndithu. Loweruka lina ndidawatsatira pa galimoto ndi mpongozi wanga chaku Otley ndi Ilkley, ndipo ndidawapeza akuyenda modekha, akucheza ngati amayi ochokera kuchigayo. Madzulo ake ndidamufunsa kuti, "Kodi iwe, mayendedwe amenewa ukafika nawo pamwamba pa phiri lija?" Iye adayankha kuti, "Bambo, ino ndi nyengo ya maziko. Ngati sindingathe kulankhula chiganizo chathunthu ndikupalasa, ndiye kuti ndathamanga kwambiri." Adandifotokozera kuti kupalasa mofatsa kwa maola atatu kapena anayi kumaphunzitsa mtima kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, kumachulukitsa timitsempha ting'onoting'ono ta magazi m'minofu, ndiponso kumazoloweretsa thupi kuwotcha mafuta m'malo mothamangira shuga. Aphunzitsi ambiri a masewerowa amati pa magawo asanu a nthawi yophunzira, anayi akhale ofatsa, limodzi lokha ndilo likhale lowawa. Wothamanga masiku onse amatopa nyengo yotentha isanafike, kapena kudwala chimfine chosatha. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kulumpha, ndipo ndidaona kuti mwambiwu ukugwira ntchito ngakhale ku Yorkshire.

Gawo lowawalo limachitikira m'galaja. Lachiwiri ndi Lachinayi akaweruka, amachotsa tayala lakumbuyo n'kulumikiza njinga ku chipangizo chotchedwa turbo trainer, chimene chimalimbitsa kapena kufewetsa mapedulo ngati kuti munthu akukwera kapena kutsika phiri. Patsogolo pake amaika kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya Zwift, imene imaonetsa msewu wojambula ndi anthu ena amene akupalasa nthawi yomweyo m'magalaja awo m'maiko osiyanasiyana. Amapalasa mwamphamvu mphindi zingapo, n'kupuma, n'kuyambiranso, mpaka ola lithe. Panja madzi akuundana, iye ali chiswe thukuta, wayatsa fani. Zidzukulu zanga zimati adadi akupita ulendo wosachoka pakhomo. Palibe womuombera m'manja m'galajamo, palibenso womujambula.

Ulendo wa Loweruka umayamba Lachisanu usiku. Amaona za nyengo pa foni, ndipo akaona kuti kuundana, ulendo umachedwetsedwa kapena kulephereka, pakuti kugwa pa madzi oundana kumathyola chiuno kapena phewa n'kudya miyezi itatu. Amatchaja nyali, yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, monga lamulo la dzikolo limafunira kukada. Amayala zovala zitatu zosanjikiza: yamkati yochotsa thukuta pakhungu, yapakati yosunga kutentha, yakunja yotchinga mphepo ndi mvula. Ya thonje savala, chifukwa imamwa thukuta n'kuzizira pathupi potsika phiri. Zala za m'manja ndi za kumapazi ndizo zimayamba kufa dzanzi, choncho pali magolovesi ochindikala ndi zovala za pamwamba pa nsapato. M'thumba amaika nthochi, buledi, machubu awiri ndi kapampu. Amadya njala isanamupeze, chifukwa pakatha ola ndi theka nkhokwe ya shuga m'minofu imayamba kuchepa, ndipo ikatheratu munthu amangoti zii pamsewu, miyendo ngati ya wina.

Chimene chidandigwira mtima kwambiri ndi malamulo a gulu lawo. Amayenda awiriawiri mondondozana. A kutsogolo ndiwo amaswa mphepo, ndipo wobisala kumbuyo kwa mnzake amatha kupulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Pakapita kanthawi amasinthana, ndipo wofooka tsiku limenelo amamusiya akhale kumbuyo popanda womunena. Woona dzenje amaloza ndi dzanja, uthenga n'kuyenda mpaka kwa womaliza. Amphamvu akafika pamwamba pa chikweza amadikira. Tayala la mmodzi likaphwa, onse amaima m'mphepo yozizirayo mpaka alikonze. Ndipo m'nyengo imeneyi magulu ambiri amafuna kuti njinga iliyonse ikhale ndi madigadi aatali kumbuyo. Madigadi aafupi amateteza msana wa mwini njinga, koma aatali amateteza nkhope ya amene akubwera pambuyo pake. Munthu amagula chinthu n'kuchimanga panjinga yake chifukwa cha mnzake amene samuona n'komwe. M'gululo muli mphunzitsi, woyendetsa basi, namwino, ndi gogo wina wa zaka zoposa 70. Akaima pa kanyumba ka tiyi pakati pa ulendo, palibe bwana. Kwa mwana wanga, amene zaka zoyamba m'dzikolo ankadziwa anthu a kuntchito okha, mkate ndi tiyi wa pamenepo n'zamtengo wapatali ngati kupalasa komwe. Kuyenda awiri si mantha.

Palinso a njinga za m'mapiri, za matayala onenepa a mano, zokhala ndi zofewetsa mabampu. Awa chisanu sachiona ngati mdani kwenikweni. M'nkhalango mphepo imachepa, liwiro ndi lotsika, magalimoto mulibe. Mnansi wa mwana wanga amapita Lachitatu usiku ndi anzake, nyali ina pa handulo, ina pa chipewa, kuti aone kumene njinga yaloza ndi kumene maso akuyang'ana. Masiku opuma amapita ku Dalby Forest, kumene kudachitikira mipikisano ya dziko lonse ya njinga zimenezi mu 2010 ndi 2011. Amachepetsa mpweya m'matayala kuti agwire bwino pa mizu yonyowa, ndipo amati matope ndiye mphunzitsi: wophunzira kuwongolera njinga poterera, pouma amangoseweretsa. Amabwerako ali matope mpaka m'makutu, mano okha mbee. Walira mvula walira matope, ndipo iwo amalandira zonse ziwiri.

Onsewa, a pamsewu ndi a m'nkhalango, ulendo wawo suthera pachipata. Asanasambe okha amasambitsa njinga. Ndowa ya madzi, burashi, kupukuta tcheni, kuthira oyilo, kuona ngati mabuleki adyeka ndi mchenga. Zala zili gwa ndi kuzizira, m'mimba muli kulira, koma mphindi 15 zimenezo sazidumpha. Wozidumpha amadzalipira kwa makaniko, kapena tcheni chimadzamudukira kutali ndi kwawo.

Anthu a ku Leeds amanyadira kuti mpikisano waukulu wa Tour de France udayambira mumzinda wawo mu 2014, koma akuluakulu a m'gululo amatchula kwambiri dzina la mayi wina, Beryl Burton, wobadwira komweko mu 1937. Sadakhalepo wolipidwa chifukwa cha njinga. Ankagwira ntchito yolemetsa m'munda wa mbewu yotchedwa rhubarb, kulera mwana, n'kumapalasa m'nthawi yotsala. Adapambana ukatswiri wa dziko lonse kasanu ndi kawiri. Mu 1967 adapalasa mailosi 277 m'maola 12, kuposa mtunda umene mwamuna aliyense adali atafikapo pa mpikisano wotero m'dzikolo, ndipo padapita zaka ziwiri mwamuna asanamupose. Mwamuna wake ndiye ankamukonzera njinga ndi kumuthandiza kuyang'anira mwana.

Mfundo yomalizayi isatipitirire, pakuti njinga imapalasidwa ndi munthu mmodzi koma imalipiridwa ndi banja lonse. Maola anayi a Loweruka amachotsedwa kwa winawake. Pamene bambo ali ku Ilkley, mayi ali ndi ana awiri, zochapa ndi zogula. Njinga zina mtengo wake umaposa wa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo wokonda masewerowa sasowa chatsopano chofuna kugula. Mpongozi wanga adandiuza mosabisa kuti chaka choyamba chidali cha mikangano. Adakhala pansi n'kugwirizana: Loweruka m'mawa ndi wa bambo, masana ndi a mayi, ndipo chogulira njinga chilichonse chimadikira mpaka lendi, za ana ndi zothandiza kumudzi zitachoka. Mwambo wa magulu ambiri kumeneko ndi kupalasa Lamlungu m'mawa. Iye adafunafuna gulu la Loweruka kuti asapatuke ndi banja lake pa nthawi ya mapemphero, ndipo adalipeza. Thupi lolimba m'nyumba yong'aluka silipindulira munthu.

Meyi atafika adapita ku Lake District ndipo adamaliza ulendo wonse. Pa Hardknott Pass adatsika n'kukankha njinga pamalo otsetsereka kwambiri, monga amachitira ambiri, ndipo adandiuza zimenezi akuseka. Chondikondweretsa ine si mendulo. Ndi chakuti dokotala adapeza magazi akuyenda bwino ndi shuga atatsika, ndiponso kuti mawu ake pa foni m'miyezi ya mdima salinso olefuka ngati kale.

Tsono inu ana athu a ku Leeds, Manchester, Glasgow ndi kwina, amene mdima wa chaka chino wakufikirani kale, musadzitsekere m'nyumba kudikira Epulo. Sikuti nonse mugule njinga yodula. Yakale yokhala ndi nyali ndi madigadi ndi yokwanira, ndipo amene njinga siimuyanja ayende wapansi. Yambani pang'ono, pa liwiro loti mutha kucheza, ndipo pezani anzanu oti azikufunsani mukajomba. Amene muli ndi vuto la mtima kapena shuga, yambani mwaonana ndi dokotala. Ndipo ife a kuno, tikaona mkulu wa ofesi wasiya galimoto pakhomo n'kukwera njinga m'mawa wa Juni, tisamunong'oneze. Timupatse mpata pamsewu, monganso tiyenera kuchitira wa kabaza ndi wa makala.

Mukhale ndi sabata yabwino nonse, ndipo mupereke moni kwa a kunyumba.