Mpira Womwa Mafuta

Ku America kuli maseŵera otchuka otchedwa bowling, amene munthu wongoonera amayesa kuti nzeru zake zonse zili pa mkono wa woponya. Woseŵera amanyamula mpira wolemera, wosapitirira makilogalamu 7.26, nkuugubuduza pa njira yosalala yotalika mamita 18, kuti ukagwetse mapini khumi, timitengo tonga mabotolo toimikidwa kumapeto kwa njirayo. Akagwetsa onse khumi ndi mpira umodzi, nkuchita zimenezi maulendo 12 motsatizana, amapata mapointi 300, ndipo pamenepo ndiye pamathero. Izi ndizo zimene maso amapenya. Koma ine chimene chimandikoka mtima pa maseŵeraŵa ndi chinthu chobisika: mafuta opakidwa pa njirayo, ndi m'mene khungu la mpira limachitira likakumana nawo.

Pachiyambi mafuta ankapakidwa pofuna kutchinjiriza matabwa kuti asaperepeseke ndi mipira yolemerayo. Masiku ano njira zambiri si zamatabwanso, koma mafuta akadalipo, pakuti adasanduka mtima wa maseŵera. Makina amathira mafuta ochepa ndithu, kaŵirikaŵiri osakwana masipuni aakulu aŵiri pa njira imodzi. Amawayala pa mamita pafupifupi 12 oyambirira, ndipo mamita 6 otsalawo amawasiya ouma. Tsono mpira ukachoka m'manja uli chizungulire, umayamba waterereka pa mafuta. Ukafika pouma, khungu lake limagwira pansi, ndipo umakhota. Potsiriza umagubuduzika molunjika mpaka kukaloŵa pakati pa pini yoyamba ndi yachitatu, ngati woponyayo ndi wa dzanja lamanja. Mpira woloŵa pamenepo mopendekera umagwetsa mapini ambiri kuposa wobwera choongoka.

Kayalidwe ka mafuta kangathe kukweza munthu kapena kumtsitsa. M'nyumba zambiri zoseŵerera amachulukitsa mafuta pakati pa njira nkuchepetsa m'mbali, kotero kuti mpira wosokerera kumbali umapeza pouma msanga nkubwerera wokha. Choncho akuluakulu a maseŵera amayang'anitsitsa mafuta ameneŵa. Pa 1 July 1982, ku La Habra m'chigawo cha California, Glenn Allison adagwetsa mapini onse maulendo 36 motsatizana, napata mapointi 900 pa maseŵera atatu. Bungwe la American Bowling Congress lidakana kuvomereza, ponena kuti mafuta a pa njirazo sadayalidwe motsata malamulo. Mapointi 900 oyamba kuvomerezedwa adadza mu 1997, ndipo mwini wake anali Jeremy Sonnenfeld, ku Lincoln m'chigawo cha Nebraska. Tangoganizani, aŵerengi okondedwa, ntchito yaikulu chotere ya munthu kugwa chifukwa cha timafuta tosaoneka ndi maso!

Mbiri ya mpirawu ndi mbiri ya anthu ofunafuna khungu lotha kugwira pansi ngakhale pali mafuta. Mipira yakale inkasemedwa ku mtengo wolimba wotchedwa lignum vitae. Mu 1905 kudabwera mpira wa mphira wotchedwa Evertrue, ndipo cha m'ma 1960 ya pulasitiki idayamba kufala. Pulasitiki ndi yoterera, sikhota kwenikweni. Mu 1973 katswiri wina, Don McCune, adatulukira kuti akaviika mpira wa pulasitiki m'mankhwala osungunula, khungu limafeŵa nkumagwira bwino. Chaka chimenecho adapambana mipikisano isanu ndi umodzi, ndipo posakhalitsa kudaikidwa lamulo loyeza kulimba kwa khungu la mpira uliwonse. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kudadza khungu la urethane, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 kudadza lina lotchedwa reactive resin, limene lidasinthiratu maseŵera.

Nditagwira koyamba mpira wa khungu limeneli, zala zanga zidandiuza kuti ngwosalala ngati mbale. Chikhalirecho khungulo lili ndi timaenje tosaŵerengeka ndi timapiri ting'onoting'ono tosaoneka popanda makina okuza zinthu. Timapirito timaboola mafuta nkukhudza pansi, pamene timaenjeto timamwa mafuta amene akadatsala kunja nkumatereretsa mpira. Bungwe la United States Bowling Congress, limene lidakhazikitsidwa mu 2005, lidafufuza za kayendedwe ka mipira, ndipo zotsatira zimene lidatulutsa mu 2008 zidaonetsa kuti kukhakhala kwa khungu ndiko kumalamula kakhotedwe ka mpira kuposa china chilichonse, ngakhale chitsulo cha maonekedwe odabwitsa sichikhalamo, koma phata lolemera limene opanga amaika m'kati. Nchifukwa chake oseŵera amakwecha mipira yao ndi sandipepa. Ya nambala 500 kapena 1000 imasiya khungu lokhakhala, logwira msanga pa mafuta ambiri. Ya nambala 2000 kapena 4000 imalisalaza kuti mpira uterereke mtunda wautali usanakhote.

Komatu akulu adati walira mvula walira matope. Timaenje tomwe tija topatsa mpira mphamvu nditonso timaudwalitsa. Amai onse amadziŵa kuti mtsuko wadothi umaziziritsa madzi chifukwa chakuti dothi lake limapuma, ndipo amadziŵanso kuti mtsuko woloŵerera mafuta suchitanso bwino ntchito yake. Ndi m'menenso zilili ndi mpira. Ulendo uliwonse umamwa timafuta pang'ono, ndipo timapiri tija timaperepeseka pang'ono. Pakapita maseŵera makumi angapo, timaenje timadzaza, khungu limasalala, ndipo mpira umene unkakhota mwaukali umangodutsa choterereka. Oseŵera amati mpira wafa. Kunja umaonekabe wokongola, mwina nkuŵala kuposa kale. Chikomekome cha nkhuyu.

Chosautsa nchakuti imfa imeneyi siidza tsiku limodzi. Mpira ukang'aluka, mwini wake amaona pomwepo. Koma ukamafa pang'onopang'ono, mwini amazoloŵera. Amasuntha phazi pang'ono, amapotoza dzanja moonjeza, osadziŵa kuti akuwononga kaponyedwe kake kabwino pofuna kuthandiza mpira wodwala. Mapointi akayamba kutsika, amadzudzula mkono wake, kapena wosamala njira, kapena tsoka. Ena amathamangira kukagula mpira watsopano wa ndalama zambiri, umene nawonso udzafa imfa yomweyo. Zinthu zimavutirapo chifukwa mafuta enieniwo sakhala malo amodzi: mipira ina imawamwa, ina imawakokera kutsogolo kumene kunali kouma, kotero kuti njira ya pa chiyambi cha mpikisano siikhala yomweyo pa mapeto. Munthu wosadziŵa bwino mpira wake sangathe kusiyanitsa ngati chasintha ndi njira kapena mpira.

Mankhwala ake ngosavuta, koma amalira khama. Woseŵera wanzeru amapukuta mpira ndi thaulo louma asanaponye ulendo uliwonse, mafuta asanaloŵerere. Akatsiriza maseŵera amautsuka ndi mankhwala ovomerezeka asanauike m'chikwama. Kuyambira pa 1 August 2019, malamulo a bungwe lija salola kutsuka mpira ndi mankhwala mpikisano uli m'kati, koma thaulo louma lokha. Pakapita nthaŵi amaukwechanso ndi sandipepa ya nambala yoyenera, mbali zonse mofanana. Mafuta oloŵerera amawatulutsa pouviika m'madzi ofunda, kapena poupereka kwa amisiri okhala ndi kabokosi kotenthetsa pang'onopang'ono, ndipo mpira umachita thukuta la mafuta. Kutentha kukapyola muyeso, kapena mpira ukasiyidwa m'galimoto padzuŵa kapena pachisanu choopsa, khungu limang'aluka, ndipo pamenepo madzi atayika.

Ndikamalingalira zonsezi, ndimaona kuti mpira wa pulasitiki, umene sumwa mafuta kwenikweni, suvutitsa mwini wake. Ungathe kukhala zaka zambiri osasintha, koma sukhota, ndipo akatswiri amangousungira kugwetsera pini imodzi kapena ziŵiri zotsalira. Mpira wopambanitsa ndi uja wa khungu lotsekuka, wolandira zimene wakumana nazo pa njira, ndipo chifukwa cha kutsekuka komweko ndi umenenso umafuna dzanja loupukuta. Ndaona zomwezi pa makina osokera, pa njinga, ngakhale pa anthu. Mphunzitsi womvetsera ana, namwino wachifundo, mai wosenza nkhaŵa za banja lonse, onseŵa amagwira bwino ntchito chifukwa mitima yao njotsekuka, ndipo pa khomo lomwelo pamaloŵa zolemetsa. Nawonso satopa tsiku limodzi. Amaoneka monga kale, amaseka monga kale, mpaka tsiku lina timadabwa kuti mphamvu zao zidapita kuti.

Sindikuti mpira ndi munthu ai. Ndingoti pali chizoloŵezi chimodzi cha akatswiri a bowling chimene ndimachisirira. Sadikira kuti mpira uyambe walephera. Ngakhale pamene wagwetsa mapini onse khumi ndipo anthu akuwomba m'manja, mpirawo ukabwerera amautola, nauzunguliza m'thaulo, nachotsa mizere ya mafuta imene wabwera nayo, kenaka nkuponyanso. Kupukutako kumatenga kamphindi chabe, ndipo palibe amene amakuwombera m'manja.